Kope la Lameki

Kope ili linali la Lameki Chisale.
Chikuto chake ndi pepala la thumba la simenti,
masamba ake anada ndi zala.
Anandisiyira pa Park Station, basi ya ku Blantyre ikulira,
nati, "Usadzakolezere moto."

Tsamba loyamba ndi la kwawo ku Nsanje:
Denga likwere. Khonde litambalale.
Mazenera ayang'anizane, mphepo ilowe ndi kutuluka
ngati mlendo wodziwa mwambo.
M'munsi mwake, ndi inki ina:
Izi usayese ku Joni.

Anayesa yekha, chaka chake choyamba ku Orange Farm.
Anamangira mayi wina chipinda cha ku Chigwa,
chopuma mbali zonse.
Juni atafika, madzi anagona m'ndowa nadzuka ali mwala.
Mayiyo anakhoma makatoni pa mazenera onse
nakana kumaliza kulipira.

Ndiye tsamba lachitatu likuti:
Zenera lalikulu liyang'ane kumpoto,
dzuwa la chisanu limayenda chowerama, limafuna polowera.
Kummwera boola pang'ono.
Siling'i si ya olemera okha; ndalama ikachepa, siya penti.
Malata opyapyala, matalala a Novembala
amawasiya ndi zipsera ngati za nthomba.

Mulinso mawu a anthu ena.
Sitoe wa ku Beira analembetsa za mchere wa ku Durban
umene umadya misomali mwini nyumba asanathe ngongole.
Motlatsi wa ku Lesotho anajambula khoma lochindikala
losunga dzuwa la masana mpaka tambala woyamba.
Wina, dzina lake linafufutika, anangoti:
Ku Kapa mvula imagwa chammbali, m'miyezi yolakwika.

Ku ofesi ya kampani ku Braamfontein kuli pulani imodzi.
Zipinda ziwiri, chitseko pakati.
Amaitumiza kotentha, amaitumiza kumapiri,
yunifomu ya saizi imodzi sukulu yonse.

Lachiwiri kunabwera Refilwe, wojambula mapulani,
chisoti chake chikadali chonyezimira.
Anandipeza ndikupotoza chingwe cha maziko
kuti nyumba isafulatire dzuwa.
"Mwazitenga kuti zimenezi?"
Ndinagwira thumba la ovolosi.
Akufuna kujambula tsamba lililonse ndi foni,
aliike m'kompyuta, poti aliyense alipeze.

Ndinati ndiganize kaye.
Fodya wako ndi amene ali pamphuno.
Mlendo m'dziko la eni, chuma chake
n'chimene akudziwa yekha;
ukachimwaza lero, mawa akuitaniranji?

Usiku ndinatsegula tsamba limene ndimalidumpha.
Lilibe chojambula, lilibe muyezo.
Dzina lokha: Edesi, zaka zisanu ndi ziwiri, Julaye.
Mbaula m'nyumba, chitseko chotseka, ming'alu yonse yomata.
Kenaka mzere umodzi, pomwe cholembera chinaboola pepala:
Kuzizire bwanji, siya kabowo pamwamba.
Nyumbayo anaimata ndi Lameki yemweyo,
mwaluso, osasiya ndi polowa nyerere pomwe.

M'mawa tinakhala pa mulu wa njerwa,
iye akujambula, ine ndikumasulira.
Tinakangana pa mawu akuti chiperoni:
si mvula, si nkhungu, si mphepo yokha,
ndipo m'kompyuta mwake mulibe bokosi lake.
Anatsegula bokosi latsopano.
Atafunsa dzina la wolemba ndinawerenga asanu ndi anayi,
awiri mwa iwo opanda dzina.
Anasiya mizere iwiri yopanda kanthu.

Kope labwerera m'thumba.
Masamba khumi ndi awiri akadali oyera.
Dzulo ndalemba pa loyamba, ndi pensulo:
Nyumba nambala 212, khoma lakumadzulo,
mng'alu wolowa chala, kuyambira pa zenera kutsika.
Mvula yagwa katatu.
Chifukwa chake sindinachidziwebe.