Utoto Wotsala

Unali utoto wotsala chabe,
theka la chitini, wa pa shopu ya feteleza ku Kapata
pomwe ndinajambula chimanga chachitali kuposa chitseko,
mwini wake n'kundilipiranso theka.
Ndinaukweza minibasi ya ku Mfuwe, ndaupana ndi mawondo,
ukukhuchumuka m'chitini njira yonse ya kwa Jumbe,
mtima uli pa bwato la malume Yotamu
lomwe matabwa ake anali atatuwa ngati zidendene m'chilimwe.

Ndinalipaka Loweruka, malume atapita ku Masumba.
Pomwe dzuwa limapendeka linali kuwala ngati tsamba la nthochi.
Woyamba kuliona anali Sandifolo, msodzi wa khutu limodzi.
Anaima. Anavula chipewa. Analavulira kumanzere.
"Mwana wa m'tauni, wayala msipu pamadzi.
Kodi mvuu imadya chiyani usiku?"

Ndinati, nanga likanakhala lofiira?
Akuti ng'ona imaona bala.
Loyera? Nsalu yokulungira mtembo.
Lakuda, mtsinje umaliyesa mthunzi wake
n'kulimeza osadziwa.
Pa lachikasu asodzi anakangana mpaka ndudu kuzima,
wina akuti njuchi, wina akuti palibe anayesapo
ndipo iye sadzakhala woyamba.
Ndiye mtundu wabwino ndi uti?
"Wa mtengo," anatero Sandifolo.
"Madzi amaudziwa mlombwa. Anakulira limodzi."

Malume sanandikalipire.
Anangosuzumira m'chitini chopanda kanthu
n'kufunsa ngati amayi ali bwino ku Chipata.
Ndinatsala kuti ndiziwathandiza kupalasa.

Mvula inagwa. Lupande anadzaza mpaka m'chiuno mwa misangu.
Anjinga, amatumba a kuchigayo, aphunzitsi nsapato zili m'manja,
onse pamzere kwa Sandifolo, makwacha asanu asanu,
lathu lili pachingwe ngati mbuzi ya mlandu.
Ana asukulu okha, opanda ndalama, ndiwo ankakwera,
akuyamba alikhudza ndi chala
kuti aone ngati limaluma.

Lachiwiri lina mu Febuluwale
madzi anatukumuka pakati pa mtsinje.
Bwato la mtundu wa mtengo linaimirira ngati munthu
n'kugwa chagada.
Njinga, thumba la ufa, nkhuku zomangidwa miyendo,
Zelesi ndi mwana kumsana.
Malume anadula chingwe ndi mpeni, yomasula panalibe.
Ndinapalasa mpaka nkhafi kung'aluka.
Tinawatola mmodzimmodzi, Sandifolo pomalizira,
atakangamira m'mphepete mobiriwira muja ndi manja onse awiri,
chipewa chake chikupita chokha ku Luangwa.

Usiku umenewo ndinagona ndikumwetulira.
Kutacha ndinamva padooko:
"Mvuu ija inkafuna lobiriwira.
Inangophonya."
Wolankhulayo anali atafunda bulangete la malume.

Ndiye ndine pano, ndi chibenthu cha botolo,
lero tsiku lachitatu ndikupala.
Malume akhala pachitsa, akusoka ukonde,
sananene kuti pala, sananene kuti leka.
Utoto ukuyoyoka ngati mamba,
mphepo ikuukankhira m'madzi,
tinsomba tikubwera kudzaulawa n'kulavula.
Koma umene unalowa m'ming'alu ya mlombwa sukutuluka.
M'zikhadabo zanga chimodzimodzi.
Mawa ndikwera ya ku Chipata
ndipo kondakitala, polandira ndalama,
adzandiyang'ana m'manja.

Zelesi wadutsa m'mawa, mwana akutsokomolabe pang'ono.
Wasiya mazira atatu pa thabwa lakutsogolo,
osapereka moni, osatembenuka.
Sindinafunse ngati ndi a malume, anga,
kapena a bwato.

Kutsidya, pomwe madzi adekha,
timakutu tiwiri tatulukira, tikupukusa ntchentche.
Ndaleka kupala.
Sindikudziwa ngati ikuyang'ana bwato,
kapena ine,
kapena udzu weniweni uli kumbuyo kwangaku.