Msoko wa Mkati

Ndine telala wa pakhonde la sitolo ku Kamwala,
ndipo thupi la Tionenji ndimalidziwa m'mainchesi,
osati ndi manja, ayi,
ndi tepi yachikasu ndi kabuku kothimbirira mafuta a makina.
Zaka zisanu ndi chimodzi: chifuwa, chiuno, mbina,
manambala amene sindinauzepo munthu.
Ankabwera ndi chitenje cha mamita sikisi,
n'kukhala pabenchi langa mpaka thabwa kulira,
n'kuseka, "A Lufeyo, benchi lanuli ndi laulesi."
Ine mawu ndinkawaluma pamodzi ndi mapini.

Kenaka anamutenga a pa TV.

Lachisanu lililonse, magetsi akatikomera mtima,
timaunjikana m'babashopu ya ku Kabwata
kumuona akukwera pasikelo
yonga yoyezera matumba a nyemba ku Soweto.
Amamuveka kabudula wothina dala.
Kamera imayambira pamimba, nkhope imabwera pambuyo.
Mtsikana wa maikolofoni anafunsa mokoma ngati nesi:
"Ndani angakukondeni muli chonchi?"
Ndipo Tionenji, yemwe anakalipirapo kondakitala
mpaka minibasi yonse kuwomba m'manja,
anayang'ana pansi.
Yankho ndinali nalo m'kamwa,
koma galasi la TV ndi gonthi.

Sabata yachinayi anamupezera mwamuna.
Mnyamata wa ku jimu, mapewa ngati wadiropu,
maluwa ogula ndi ndalama za pulogalamu,
kanyimbo kofewa chapansipansi.
Akuti akatsitsa makilo ena khumi
adzapita naye kukadya ku Kabulonga.
Chikondi chochita kuyeza ngati kapenta wa pamsika,
tapaniko pang'ono, mwadzazitsa.
Anyamata anaimba miluzu.
Ine ndinalipira tsitsi losametedwa n'kutuluka.

Tsopano madiresi ake amabwera m'pulasitiki,
atatuatatu, ndi kamwana ka mng'ono wake.
Akuti mubweze m'chiuno.
Ndimalemba ndi choko pomwe ankathera
ndi pomwe akuthera lero.
Pakati pa mizere iwiriyo pali malo a zala zinayi
amene sindidziwa kokawataya.

Ku Chawama saona ndi maso a kamera.
Amayi ake amaima pampopi kuyankha mafunso:
"Sakudwala, ndi za pa TV chabe."
Azimayi n'kumati inde, inde,
inde uja timanena potuluka m'chipatala.
Uku akumuwombera m'manja poti watha,
uko akumulira poti watha,
thupi lake lomwelo.

Dzulo anabwera yekha, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.
Benchi silinalire.
Anakweza manja, tepi inamuzungulira
n'kutsala ikulendewera ngati lilime la galu.
Ndinafunsa za mnyamata wa maluwa uja.
"Kamera ikazima amathamangira kukayankha foni ya mkazi wake,"
anatero akuseka,
ndipo kuseka kokhako ndi kumene sikunatsike ndi kilo imodzi yomwe.
Anatenga kabuku kanga, nabwerera masamba m'mbuyo,
nawerenga manambala akale pang'onopang'ono
ngati maina a anzake a ku pulayimale.
"Uyu ankadya chikanda pa Kulima Tower osacheuka.
Kaya ndamusowa, kaya.
Mawondo angawa ndiye sakumusowa."

Ndinatola sizasi.
Anandigwira dzanja.
"Musadule. Ingopindirani mkati.
Sindinasankhebe kuti ndikhala uti."

Ndiye ndachezera usiku wonse ndi tochi ya pafoni,
kusoka msoko wonenepa
wobisala mkati mwa diresi lofiira,
nsalu yokwanira akazi awiri
ndipo onsewo ndimawadziwa dzina.
Mapini ndawalavulira m'kambale.
Akubwera Loweruka kudzayesa,
ndipo m'kamwa mwangamu
mulibenso choti ndilume.