Phiko la Kumanzere

Galaja yathu ku Chirimba sinaonepo galimoto.
Muli ndege.
Kapena ndinene kuti muli nthiti zake,
makumi awiri ndi zinayi, za paini wopanda mfundo,
zopachikidwa pamisomali ngati mahang'ala odikira malaya.

Abambo amachokera ku Ginnery Corner dzuwa litapendeka,
manja akununkha girisi wa malole a eni,
nasamba kawiri asanakhudze thabwa.
Ati mafuta ndi guluu sizimwerana madzi.

Ntchito yanga ndi tochi.
Magetsi akathima ndimaima pamene andiuza,
kuwala kuloze pa pensulo, osati m'maso mwawo.
"Ndaziona, usagwedezeke.
Milimita imodzi pansi pano ndi maliro kumwambako."

Chilichonse chimakwera pasikelo
imene tinabwereka kwa mai Nankwenya ogulitsa nyemba:
bawuti, waya, lamba wa pampando, ngakhale penti.
Magalamu amalemba m'kope langa lakale la masamu,
m'munsi mwa ziro yemwe aphunzitsi anandipatsa.
Tsiku lina anakadziyeza okha kuchigayo,
nabwerako akuyang'ana mimba yawo.
Kuyambira pamenepo tiyi amamwa wopanda mandasi.

Injini inabwera kuchokera ku Ndirande pawilibala,
ya kagalimoto komwe kanafa ine ndisanabadwe.
Anaiphwasula pamphasa chidutswachidutswa,
amayi akudumpha mapisitoni popita kukayanika zovala.
Amayi sailankhula ndegeyi.
Amalankhula denga lodontha, fizi, mtengo wa makala.
Koma nsalu yokutira phiko anasoka ndi iwo,
usiku utatu pamakina awo opalasa,
msoko wowongoka woti sungaupezere chifukwa.
Atadula ulusi womaliza anangoti,
"Tsiku lakelo musadzandiuze."

Pakamwa pa anthu sipatsekeka.
Pasiteji makondakitala amakuwa,
"Apailoti! Ku Joni ndi zingati?"
A Chinkwita akuti mpingo uwapempherere.
Abambo amangoseka, pensulo ili kukhutu.
Koma ya eniake ikamatsika kulunjika ku Chileka
amasiya mawu pakati,
fayilo ili m'manja, khosi chopendekera,
mpaka Michiru atameza mkokomo wonse.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, mu Julaye,
phiko la kumanzere linatha,
ndipo linakana kutuluka pakhomo.
Tinayesa chammbali, tinayesa chopendeketsa.
Abambo anatenga nyundo
nagumula mizere inayi ya njerwa zomwe anaumba okha.

Kunja kunali chiperoni.
Iwo kutsinde, ine kunsonga,
tikudutsa pakati pa mgolo wa madzi ndi khola la nkhuku,
mphepo inalowa kunsi kwa nsalu
ndipo kulemera kunachoka m'manja mwanga.
Sindikunama.
Phiko linadzinyamula lokha,
kupuma kumodzi, mwina kuwiri,
zala zanga zikuligwira kuti lisapite,
osati kuti lisagwe.

Kutsinde kuja kunali zii.
Kenaka, motsitsa ngati m'tchalitchi:
"Wamva?"
Ndinati ndamva.
Pazenera katani anagwedera, nkutsekeka.

La kumanja silinayambike, paini wakwera mtengo.
Kalata yopempha akulu a zandege adzaione
ikadali m'thumba la ovololo, yadetsedwa ndi zala.
Khoma lili chigumukire, tatchingapo lata,
ndipo mphaka wa a Chinkwita amagona pampando wa woyendetsa.
Mwina siidzauluka.
Amayi amatero, masiku ena nanenso ndimatero.

Koma dzulo m'kalasi,
aphunzitsi akulemba pabolodi, mphepo ikumenya mawindo,
ndinapeza manja anga ali kunsi kwa desiki,
otambalala pang'ono, zala zopindika,
akudikira kukokedwa kuja.