Chiwaya Chasintha Ntchito

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pa Lizulu
ndathamangira mawindo a mabasi,
kanyenya m'manja, tsabola m'kapepala.
Mbuzi za kuno zimandidziwa.
Zikandiona zimayang'ana kumbali.

Mwezi wathawu chala chakuphazi chinatupa ngati kachewere,
ndipo dokotala, mnyamata woti ndevu sizinamere n'komwe,
anati: Bambo Lufeyo, nyama basi.
Ndinaseka. Iye sanaseke.

Ndiye lero ndili kuseri kwa nyumba,
nkhungu itafunditsa phiri mpaka m'khosi.
Dzulo ndinasankha mphodza palichero
ngati munthu wowerenga ngongole zake:
kamwala aka, kachitsotso aka,
nankafumbwe uyu wandiyambirira kudya.

Malangizo analemba ndi mwana wanga Elufe
kuseri kwa lisiti ya feteleza, asanabwerere kusukulu:
Ziviikeni usiku wonse. Musapupulume, ababa.
Mawu omalizawo anawadulira mzere kawiri.

Ndaziwiritsa mpaka zagonja.
Anyezi ndakazingira m'chiwaya chomwe chija,
chikununkhabe ntchito yakale
ngakhale ndachikwecha katatu ndi mchenga.
Matimati anayi, mchere wotsina ndi zala,
mbatata yofiira m'kati yodulidwa ngati makobidi,
kenako uchi wa ku Tsangano, masipuni awiri.
Uchi m'ndiwo!
Ndacheuka uku ndi uku
kuopa anzanga a pamsika angasuzumire pampanda.

Uvuni tilibe.
Makala pansi, makala pachivundikiro,
monga ankaphikira chigumu amake Elufe akali moyo.
Apa ndakhala pansi pang'ono,
poti fungo la chitsulo chotentha
landibweretsera mlendo amene sindinamuitane,
ndipo mpando wake ulipobe pakhonde.

Chiwaya chikung'ung'udza chokha.
Kumsewu basi ya ku Lilongwe yaima.
Ndamva mabuleki, miyendo yadzuka osandifunsa,
koma chala chija chaibweza.

Povundukula ndapeza pamwamba patafiirira,
m'mbali mutapserera pang'ono,
mbatata zitamira theka ngati miyala ya pawoloko.
Ndalawa ndi nsonga ya mpeni wanga wakale
chifukwa sipuni ndaisiya m'botolo la uchi.
Kutsekemera kwatsogola, mchere watsatira,
utsi wafika mochedwa ngati kondakitala wopanda chenji.

Sindinama. Si nyama iyi.
Galu wanga Tilekeni wanunkhiza,
wandiyang'ana ngati ndamulakwira,
wapita kukagona padzuwa lomwe kulibe.

Koma mbale ndaitsiriza, ndakombeza ndi chala.
Ina ndavundikira ya Jekapu, mnzanga wa pamsika,
amene bondo layamba kumuvuta koma sakuvomera.
Ndikamuuza kuti ndi zakudya za m'tauni.

Ndipo palisiti paja,
m'munsi mwa mizere iwiri ya Elufe,
ndalemba ndi kapensulo ka m'thumba:
uchi, masipuni atatu.