Kanyali Kofiira

Anandipatsa m'envelopu ya khaki
a Chavula, m'mawa wa chifunga,
Katoto asakuoneka pawindo la ofesi.
"Tsopano sudzasowanso," anatero,
ine n'kulandira ndi manja awiri,
mbuzi kuthokoza chingwe.

Mabatani ake, njere za mapira.
Chala changa chokulira pakhasu chinkadinda atatu pakamodzi,
abwana ku Lilongwe n'kumalandira mawu oguluka mano.
Komabe matabwa a ku Chikangawa ankafika,
malole asanu ndi awiri, ndikuwawerenga ndili pa sakaramento,
dzanja ili paphewa la wopalasa,
linali m'jumbo ya shuga
momwe foni inkausa mvula ya Mzuzu,
ija yosawerenga kalendala.

Ku Mchengautuba netiweki inali ndi mpando wake:
pachulu, kuseri kwa bafa la a Nyirongo.
Usiku tinkakumanapo atatu,
ine, namwino wa ku Mapale,
ndi wainshuwalansi wina wachibwibwi,
mikono m'mwamba ngati opempha mvula
chikhalirecho mvula ili kale m'makolala.
Imelo imodzi inkatsika
ngati uchi m'mwezi wa Juni.

Magetsi akathima, fifite kwacha kwa Fiskani wometa,
yemwe kajenereta kake kankayamwitsa mafoni makumi awiri
ogona pamzere ngati tiana tankhumba.
Chaja ya ku Taifa inkafuna kuimanga ndi mphira,
kenako kuipepesa.

Ndiye kanyali kofiira kaja.
Kankaphethira m'tchalitchi, pamaliro, pansi pa pilo.
Nyakayira ankanditembenuzira msana:
"Mkazi mnzanga wadzuka, kamuyankheni."
Ndinkaseka.
Ndinkayankha.

Tsiku lomwe Tiyezge anabadwa ku Sentro
ndinali panja, pafupi ndi mpanda,
ndikusaka timizere tiwiri tokha
kuti invoisi ipite isanakwane folo.
Inapita.
Zoti mwana walira ndinamva kwa apongozi,
akunena maso ali pa nsapato zanga.
Ndinalowa, ndinamujambula:
chithunzi cha mbuu, kankhope kosadziwika bwino
m'chitenje cha maluwa achikasu.
Ndisanachionetse kwa mayi wake
kanyali kanaphethiranso.

Nkhalango itatha, kampani inatseka.
A Chavula anabwerera kwawo ku Hewe,
nambala yawo amayankha ndi mayi wa m'makina uja
wopepesa mosamva chisoni.
Foni sanaiitanitse.
Chulu chija anachiumba njerwa.

Dzulo ndaipeza m'dirowa,
pansi pa malisiti a madzi ndi makiyi a nyumba yomwe tinasamukamo,
batire itatupa ngati chitumbuwa.
Tiyezge, wa Fomu Wani tsopano, waitembenuza uku ndi uku,
wasisita galasi ndi chala, osayaka,
"Adada, apa munkaonerapo chiyani?"
Ndati, ulimo iweyo mmenemo.

Lero ndazungulira Taifa yense, benchi ndi benchi.
Palibe chaja ya kamwa lotero.
Mnyamata wina waiyeza m'dzanja ngati mwala,
wandipatsa mtengo wa zipwirikiti,
"Izi, mdala, n'za m'myuziyamu."

Ndabwera nayo m'thumba la malaya, kumanzere,
momwe inkakhala kale.
Pa Chiputula mvula yandipeza,
dzanja lokha, osalituma,
lathamangira kukaiphimba.