Mzere wa pa Tambula

Bambo anga analemba mzere pa tambula
ndi penti wa zikhadabo amene malemu mayi anasiya m'dirowa,
mzere wofiira, wokhota pang'ono poti dzanja linanjenjemera.
"Apa basi," anatero. "Wailesi yanena.
Vinyo wofiira, pang'ono chabe, amatsuka njira za magazi."
Zaka makumi atatu akudinda makalata ku positi ya mu Cairo Road
zinawaphunzitsa kukhulupirira chilichonse chokhala ndi chidindo,
ndipo kwa iwo mawu a pa wailesi ndi chidindo.

Lachisanu, penshoni ikalola,
ankavala jekete lawo labulauni n'kutuluka m'Chilenje wapansi,
minibasi zikuwaimbira hutala, iwo osacheuka,
mpaka ku Woodlands kumene ankati botolo n'lotsikirako mtengo.
Pobwerera ankakhotera kwa a Hamoonga,
mnzawo wa ku positi, wosalawa mowa chibatizidwire,
n'kukhala pansi pa mtengo wa mapeyala
kutsutsana za chigoli chimene chinakanidwa ine ndisanabadwe
mpaka udzudzu utawabalalitsa.

Mzerewo sunasunthe, ndikuchitira umboni.
Chinasuntha ndi chiwerengero.
Tambula yoyamba ya mtima.
Yachiwiri ya magetsi amene athimanso.
Yachitatu sankainena,
koma ankaimwa atayang'ana mpando wa mayi.

Mu Okutobala, malata akulira ndi dzuwa,
ndinawapeza atakhala pakhomo, nsapato imodzi ili m'manja,
akupuma ngati munthu wothamangitsidwa ndi agalu.

Ku UTH tinatenthetsa benchi kuyambira m'bandakucha.
Dokotala anali mtsikana wochepa kwa ine,
cholembera atachisomeka m'tsitsi.
"Agogo, mumamwa?"
"Mankhwala okha," anatero bambo.
Ine ndinapisa m'chikwama, n'kuika tambula ija patebulo.
Anaitembenuza, anauona mzerewo. Sanaseke.
"Nkhani imeneyo nanenso ndinaimva," anatero,
"koma ndimadzifunsa, anthu ankawerengedwawo,
pokhala ndi ndalama ya vinyo,
sanalinso ndi ya zipatso, ya chipatala, ya tulo tabwino?
Mtima wanuwu ukudumphadumpha.
Sukupempha mphesa."

Bambo anawongola jekete.
"A Njobvu a ku Kabwata ankatsuka m'kamwa ndi kachasu,
anafa ndi zaka makumi asanu ndi anayi, mano ali mbee.
Mkazi wanga ankamwa tiyi yekha.
Ali ku Leopards Hill, mwana wanga. Undiuze."
Dokotala anachotsa cholembera m'tsitsi,
anachiyang'ana nthawi yaitali.
"Limenelo sindiliyankha," anatero,
n'kulemba mapiritsi awiri, loyera ndi lachikasu.

Sabata yoyamba sanandiyankhule.
Ankandipatsira mchere osandiyang'ana,
kenako mcherewonso ndinaubisa.

Koma Lachisanu litafika ndinamva geti likulira.
Jekete palibe pamsomali.
Ndinawatsatira chapatali ngati wapolisi wopanda yunifolomu,
mtima wanga uli m'mwamba kuposa wawo.
Anadutsa sitolo ija. Anaima, inde anaima,
anawerenga mitengo ya pawindo ngati akuwerenga uthenga wa maliro,
kenako anapitirira, manja kumbuyo,
mpaka pa mtengo wa mapeyala
pomwe a Hamoonga anali atatulutsa kale mipando iwiri
ndi mkangano womwe uja.

Sindidziwa kuti zaka zawatsalira zingati.
Wailesi sidziwa, mtsikana wa ku UTH ananena yekha kuti sadziwa.
Mwina chinkawasunga nthawi yonseyi ndi msewu,
fumbi la ku Chilenje m'nsapato zawo,
ndi munthu wowauza kuti akunama.
Mwinanso ayi.

Tambula ija ikadalipo.
M'mawa uliwonse amathiramo madzi a piritsi loyera,
n'kuikweza pawindo, diso limodzi atatsinzina.
Madzi akapyola mzere ngakhale dontho
amabwezerako mu jagi.
"Muyeso ndi muyeso," amatero,
n'kumwa pang'onopang'ono,
ngati muli kanthu.