Kupyola Pomwe Chisanu Chimalekezera

Mmbulu unabwera mu Januwale.
Sitinamve kanthu.
M'mawa tinapeza unyolo uli tantha pa chipale,
lamba wa m'khosi ali chimangire
pa bowo lachitatu, monga ndinamusiyira dzulo lake,
koma Halla mulibemo.
Bambo anatola lambayo, kuponya m'thumba la jekete,
nalowa kukamwa khofi wawo ataimirira.

Anadikira mpaka Juni, nthaka ya ku Kainuu itafewa,
dzuwa litaiwala kulowa.
Ndiye foni inalira ku Oulu:
"Vuokko, ubwere ndi jombo."

Tinayamba ndi chingwe ndi zikhomo zinayi.
Khomo kuyang'ana kummwera,
msana kumphepo yochokera kumalire.
Ine ndinati tikumbe pang'ono, galu salemera ngati thirakitala.
Iwo anati chisanu chili ndi mapewa,
chimalowa pansi, kusenza nyumba yonse,
n'kudzaitula chopendama mu Meyi.
Choncho tinakumba,
kupyola mizu ya paini,
kupyola pomwe chisanu chimalekezera,
udzudzu ukuchita phwando kuseri kwa makutu athu.

Waya tinakwirira mkono wathunthu
n'kumupindira kunja ngati phazi,
kuti wokumba usiku akumane ndi chitsulo.
Pamwamba napo waya.
Chipale chikaunjikana kuno
mpanda wa mamita awiri umasanduka chiundo
chongolumpha ndi mwana.

Eelis Moilanen anabwera ndi makina osakanizira simenti
ndi maganizo amene sitinamupemphe.
Akuti simenti imadya zikhadabo,
imalowetsa nyamakazi m'chiuno mwa galu.
Bambo akuti dothi limasunga njoka zam'mimba.
Anakangana masana onse atakhala pa wilibala,
ine ndikusalaza ndekha,
kupendeketsa chala chimodzi pa mita iliyonse
kuti mkodzo uzidziwa njira yake ya kungalande.
Madzulo anagwirizana: simenti pansi,
matabwa pogona.
Aliyense anapita kwawo atapambana.

Tinyumba togonamo anakana kuyeza ndi tepi.
Anaitana Usva, namuyalira thumba,
n'kumuyang'ana akuzungulira katatu asanagone.
"Apo," anatero. "Osapitirira.
Chipinda chachikulu galu sangachifunditse ndi mpweya wake."
Makoma awiriawiri, pakati utuchi wouma.
Pakhomo nsanza ya kapeti ya malemu mayi,
ija yofiira, ya m'khonde.
Denga lotsegula ndi mahinjesi
kuti dzanja lokalamba lifike pangodya ndi tsache.

Zipinda zinatuluka zitatu.
Agalu tili nawo awiri.
Ndinawerenga kawiri papepala, ndinafunsa kamodzi.
Anangondipempha msomali wa mainchesi anayi,
naukhoma kuseri kwa chitseko chachitatu,
katatu kokha, go, go, go,
napachikapo lamba uja.

Okutobala, nyengo yosaka itatsegulidwa,
ndinabweranso kudzathandiza kusenza nyama.
Usiku kunagwa chipale choyamba, chopyapyala ngati ufa wotayika.
Rekku anauwa mpaka mawu kusasa.
Kutacha tinaziona:
mapazi akulu, mzere umodzi kuchokera kunkhalango,
kuzungulira khola kawiri, mosathamanga,
ngati munthu wofuna kugula nyumba.
Pangodya ya kumpoto anapalasa pang'ono.
Waya ali mbee, dothi lili pambali.
Kenaka mzere womwewo kubwerera m'mitengo.

Bambo anagwada, mawondo akulira,
naika chikhatho chawo pa phazi limodzi.
Silinabisike lonse.
Anakhala choncho nthawi,
Usva akuwanyambita khutu kudzera m'maso a waya.

Ndikulongedza galimoto anabwera ndi mbatata m'ndowa.
Sanandiyang'ane.
"Galu wa Eelis ali ndi bere," anatero.
"Ukadzabwera pa Khirisimasi utenge chobowolera zikopa.
Lamba uja ngwamkulu.
Afunika bowo lina, kutsogolo kwa loyamba."